Sitiroko: Mmene Kadyedwe ndi Kakhalidwe Zimachepetsera Chiopsezo mu Mzinda wa Blantyre

Sitiroko ndi matenda amene amayamba magazi akalephera kufika ku mbali ina ya ubongo. Ubongo susunga chakudya chake. Umadalira magazi amene amaubweretsera mpweya wa okosijeni ndi shuga usana ndi usiku, mosalekeza. Magaziwo akadukiza, mbali imene yasowa magaziyo imayamba kufa pakangopita mphindi zochepa, ndipo ntchito zimene inkalamulira zimaima. N'chifukwa chake munthu amene m'mawa anali bwinobwino amatha kupezeka masana atafa dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi, kamwa itapotoka, mawu osamveka.

Sitiroko ili mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu wofala kwambiri umabwera mtsempha wopita ku ubongo ukatsekeka, kaya ndi magazi oundana kapena ndi mafuta amene akhala akuunjikana m'kati mwa mtsemphawo kwa zaka zambiri. Mtundu wachiwiri umabwera mtsempha ukaphulika, magazi n'kukhuthukira m'ubongo. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umapha msanga, ndipo mu Africa muno umaoneka kawirikawiri kusiyana ndi ku Ulaya, makamaka chifukwa anthu ambiri amakhala zaka ndi BP yokwera popanda kulandira mankhwala. Palinso kasitiroko kakang'ono kamene zizindikiro zake zimatha zokha pa mphindi kapena maola ochepa. Kameneka ndi chenjezo lakuti sitiroko yaikulu ingabwere m'masiku otsatira.

Kukula kwa vutoli

Bungwe la World Stroke Organization limawerengera kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse a zaka zoposa 25 adzadwala sitiroko pa moyo wake, ndipo chaka chilichonse anthu pafupifupi 12 miliyoni padziko lonse amagwidwa ndi matendawa. Tsiku la 29 Okutobala linapatulidwa kuti dziko lonse lizikumbukira za sitiroko.

Ku Malawi kuno, kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi BP yokwera. Mwa anthu amenewo, oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa kuti ali ndi vutoli.

Mu Blantyre muno munachitika kafukufuku wofunika kwambiri pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu. Zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Madokotala anayerekeza odwala sitiroko 222 ndi anthu 503 a m'madera omwewo amene sanadwalepo matendawa. Anapeza kuti pafupifupi theka la sitiroko zonse linkachokera ku kuthamanga kwa magazi. Anapezanso kuti pakati pa odwala a zaka 45 kutsika m'munsi, kachilombo ka HIV ndi kamene kanali patsogolo. Zimenezi zikusonyeza kuti mu mzinda uno sitiroko si matenda a nkhalamba zokha. Imagwiranso anthu a msinkhu wogwira ntchito, amene ana ndi abale amawadalira pa chakudya, lendi ndi fizi.

Kafukufuku wina wamkulu wotchedwa INTERSTROKE, amene anachitika m'maiko 32, anasonyeza kuti sitiroko 9 mwa 10 zilizonse zimagwirizana ndi zinthu khumi zimene munthu angathe kusintha kapena kuchiza. Zinthuzo ndi BP yokwera, kusagwiritsa ntchito thupi, mafuta oipa m'magazi, kadyedwe kosayenera, kukula mimba, nkhawa, fodya, matenda a mtima, mowa ndi matenda a shuga. Msinkhu ndi chibadwa cha ku mtundu sizisinthika, koma mbali yaikulu ya chiopsezo ili m'khitchini, pamsika, pamsewu ndi pachipatala cha m'dera.

Kuthamanga kwa magazi: muzu wa vuto

Mtima ukamapopa magazi, magaziwo amakankha makoma a mitsempha. Mphamvu ya kukankhako ndiyo BP imene amayeza kuchipatala, ndipo imalembedwa ndi manambala awiri. Nambala ya pamwamba imasonyeza mphamvuyo pamene mtima ukufinya, ya pansi pamene mtima ukupuma. Kwa munthu wamkulu, manambala ozungulira 120/80 ndi abwino. Akafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku awiri osiyana, munthuyo ali ndi matenda othamanga magazi.

Monga momwe paipi ya madzi imathera msanga madzi akamabwera mwamphamvu yopitirira muyeso, mitsempha nayonso imawonongeka pang'onopang'ono. Makoma ake amauma ndi kukhakhala, mafuta amamatirira mosavuta, ndipo timitsempha ting'onoting'ono ta m'kati mwa ubongo timafooka mpaka kuphulika. Choopsa n'chakuti zonsezi zimachitika popanda ululu. Anthu ambiri amaganiza kuti BP ikakwera mutu umawawa kapena mtima umagunda, ndipo akakhala opanda zizindikiro zimenezi amadziyesa athanzi. Zoona zake n'zakuti ambiri mwa amene ali ndi BP yokwera samva chilichonse, ndipo kwa ena chizindikiro choyamba chimakhala sitiroko yeniyeniyo.

Njira yokha yodziwira ndi kuyezetsa. Zipatala za boma za m'madera monga Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni zimayeza BP, ndipo mafamase ambiri a m'tauni nawonso amayeza pa mtengo wochepa. Munthu aliyense wamkulu ayenera kuyezetsa kosachepera kamodzi pachaka, ndipo amene makolo kapena abale ake anadwalapo BP kapena sitiroko aziyezetsa pafupipafupi. Kuti manambala akhale oona, woyezedwa amayenera kukhala pansi n'kupumula mphindi zisanu asanayezedwe, msana utatsamira, mkono uli pa tebulo, ndipo asakhale atasuta fodya kapena kumwa khofi m'mphindi 30 zapitazo.

Mchere

Pa zakudya zonse, mchere ndi umene umakhudza BP mwachindunji. Mu mchere muli sodiyamu, amene amachititsa thupi kusunga madzi ambiri. Madzi akachuluka m'mitsempha, mphamvu ya magazi imakwera. Anthu akuda ambiri matupi awo amakhudzidwa ndi mchere mosavuta, choncho kuuchepetsa kumawathandiza kwambiri.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosadzaza. Muyeso umenewu ndi wa tsiku lonse, kuphatikiza mchere wa m'ndiwo, wa mu buledi ndi wa m'zakudya zogula. Banja likhoza kudziyesa lokha mosavuta. Ngati pakhomo pali anthu asanu, paketi ya magalamu 500 iyenera kukhala masiku osachepera 20, ndipo ngati ena mwa iwo ndi ana iyenera kukhalitsa kuposa pamenepo. Paketi ikamatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, banjalo likudya mchere wopitirira muyeso.

Sodiyamu sapezeka mu mchere wa m'paketi wokha. Timibulu ndi ufa wokometsera ndiwo, masupu a m'mapaketi, zakudya za ana zokukuta za m'timapepala, soseji, poloni, nyama za m'chitini, majarini ndi buledi zonse zili ndi sodiyamu wambiri. Soda wothira m'thelere ndi m'masamba alinso ndi sodiyamu. Nsomba zoumitsa ndi mchere, monga bakayawo, zimafunika kuviikidwa m'madzi ndi kutsukidwa zisanaphikidwe, ndipo zikaphikidwa sizifunanso mchere wina. Pa chiwaya, pa kanyenya ndi pa chimanga chootcha pamakhala kambale ka mchere wosakaniza ndi tsabola, ndipo mchere wowaza pamwamba umenewu umawonjezera pa umene uli kale m'chakudyacho. Kafukufuku wa SIREN, amene anachitika ku Nigeria ndi ku Ghana, anapeza kuti chizolowezi chowonjezera mchere pa chakudya chophikaphika chili m'gulu la zinthu zokweza chiopsezo cha sitiroko.

Kuchepetsa mchere kumatheka bwino kukachitika pang'onopang'ono. Lilime limazolowera pakapita masabata angapo, kenako chakudya cha mchere wambiri chimayamba kuwawa. Wophika angagwiritse ntchito sipuni m'malo mongotapa ndi dzanja, ndipo ndiwo angazikometse ndi tomato, anyezi, adyo, jinja, mandimu, tsabola wa kambuzi kapena nsinjiro. Mbale ya mchere isamaikidwe pamene anthu akudyera. Ndi bwino kuti banja lonse lidyere mphika umodzi wa mchere wochepa, m'malo mophikira wodwala BP mphika wakewake, chifukwa ana ozolowera mchere wochepa amakula ndi BP yabwino. Mchere wochepa umene ukugwiritsidwa ntchitowo ukhale wa ayodini, woteteza ku chithokomiro.

Palinso mchere wosakaniza ndi potaziyamu. Ku China, kafukufuku wa anthu pafupifupi 21,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti mchere wotere unachepetsa sitiroko ndi 14 peresenti. Koma odwala impso ndi amene akumwa mankhwala ena a BP sayenera kuugwiritsa ntchito asanafunse dokotala.

Zakudya zoteteza

Zakudya zambiri zoteteza ku sitiroko ndi zachikhalidwe, ndipo zimapezeka mu msika wa Limbe, wa Blantyre, wa Ndirande ndi m'timisika ta m'makwalala. Ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa, chigwada, mpiru ndi luni zili ndi potaziyamu, amene amathandiza impso kutulutsa sodiyamu ndi kufewetsa mitsempha. Kafukufuku wa SIREN uja anapeza kuti anthu odya masamba obiriwira tsiku ndi tsiku ankadwala sitiroko mocheperapo kusiyana ndi odya mwa apo ndi apo. Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Pakhomo, zimenezi zikutanthauza masamba pa nkhomaliro ndi pa mgonero pomwe, komanso chipatso kawiri patsiku.

Kaphikidwe kalinso ndi mbali yake. Masamba ophikidwa nthawi yaitali, m'madzi ambiri amene kenako amatayidwa, amataya michere yofunika, ndipo soda amawononga mavitamini ena. Masamba ofutsa pang'ono m'madzi ochepa, kapena otendera ndi nsinjiro, amasunga zambiri zimene thupi limafuna.

Zipatso zimatsika mtengo pa nyengo yake: mango ndi masuku kumapeto kwa chaka, mapeyala ndi magwafa miyezi yotsatira, manachesi a ku Mwanza nyengo yozizira, masawu ndi malambe m'chilimwe, pamene nthochi ndi mapapaya zimapezeka pafupifupi chaka chonse. Chipatso chathunthu chimaposa juwisi wa m'botolo, chifukwa chili ndi ulusi wochedwetsa shuga kulowa m'magazi.

Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza zimapatsa thupi zomanga popanda mafuta oipa, ndipo zimatsitsa kolesitero. Nsomba monga usipa, matemba, utaka ndi chambo ndi ndiwo zabwino kuposa nyama yofiira, makamaka zikaphikidwa ndi tomato kapena kuwotchedwa m'malo mokazingidwa m'mafuta ambiri.

Nsima payokha si mdani, koma mtundu wa ufa ndi kuchuluka kwa mitanda n'zofunika. Ufa woyera umakhala utachotsedwa gaga ndi mtima wa chimanga, mmene muli ulusi, mavitamini ndi michere. Mgaiwa umasunga zonsezi, umakhalitsa m'mimba, ndipo sukweza shuga mofulumira ngati ufa woyera. M'tauni anthu ena amauona ngati ufa wa osauka, koma pa nkhani ya thanzi ndi umene uli patsogolo. Mapira, mawere, mbatata yophika ndi maungu nazonso ndi zabwino, ndipo mbatata kapena phala la mgaiwa la nsinjiro ndi kadzutsa woposa buledi woyera wopaka majarini. Pa mbale yoyenera, masamba amatenga pafupifupi theka, nsima gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo gawo lotsalalo ndi la nyemba, nsomba, mazira kapena nkhuku.

Mafuta, nyama ndi shuga

Moyo wa m'tauni wasintha kadyedwe. Wogwira ntchito mu ofesi ya ku Victoria Avenue, m'sitolo ya ku Limbe kapena m'fakitale ya ku Makata sabwerera kunyumba masana. Chakudya chapafupi chimakhala tchipisi cha pachiwaya, nkhuku yokazinga, mandasi, samusa ndi chakumwa chozizira. Zakudya zimenezi zili ndi mafuta, mchere ndi shuga wambiri pa nthawi imodzi. Mafuta otenthetsedwa mobwerezabwereza mpaka kuda amapanga zinthu zowononga mitsempha. Kudya zotere mwa kamodzikamodzi si vuto lalikulu. Vuto limayamba zikasanduka nkhomaliro ya tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Kutenga chakudya chophika kunyumba, kapena kusankha nsima ya nyemba ndi masamba m'malesitilanti a mumsika, kumathandiza thupi, ndipo nthawi zambiri kumapulumutsanso ndalama.

Mafuta a nyama ya ng'ombe, ya mbuzi ndi ya nkhumba, chikopa cha nkhuku ndi mafuta olimba ophikira zimakweza kolesitero woipa, amene amaunjikana m'mitsempha. Mafuta a mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza ndi abwinopo, koma nawonso ayezedwe ndi sipuni. Nyama yofiira idyedwe pang'ono, mafuta ooneka atachotsedwa.

Shuga amafika ku sitiroko kudzera m'kunenepa ndi m'matenda a shuga. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 a shuga wowonjezera patsiku, omwe ndi masipuni ang'onoang'ono 12, ndipo kutsika kufika pa theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la mamililita 300 la chakumwa chozizira chotsekemera limakhala ndi masipuni pafupifupi 8. Munthu wothira masipuni atatu mu tiyi wa m'mawa ndi atatu mu wa madzulo, n'kumwanso botolo limodzi masana, wapitirira kale muyeso. Thobwa ndi maheu othira shuga wambiri, zakumwa zosungunula ndi madzi komanso zakumwa zopatsa mphamvu zonse zimalowa m'chiwerengero chomwecho. Madzi ndiwo chakumwa choyenera kuthetsa ludzu.

Kulemera kwa thupi ndi kuyenda

Pa chikhalidwe chathu, kunenepa kwakhala kukuonedwa ngati umboni wa kupeza bwino ndi wa banja la mtendere, ndipo m'zaka zimene Edzi inkapha anthu ambiri, kuwonda kunkabweretsa manong'onong'o. Maganizo amenewa amalepheretsa anthu ena kuchepetsa thupi ngakhale dokotala atawalangiza. Komabe mafuta ochuluka, makamaka a pamimba, amakweza BP, shuga ndi kolesitero. Tepi ya telala ndi yokwanira kudziyesera: chiuno choyezedwa cha pa mchombo chikapitirira masentimita 94 kwa mwamuna kapena 80 kwa mkazi, chiopsezo chimayamba kukwera. Sipafunika kuwonda kwambiri kuti phindu lioneke. Munthu wa makilogalamu 90 akataya makilogalamu asanu okha, BP yake imatha kutsika moonekeratu.

Munthu wamkulu amafunika mphindi zosachepera 150 pa sabata zogwiritsa ntchito thupi mpaka kupuma mofulumirirapo, monga mphindi 30 pa masiku asanu. Anthu ambiri a ku Bangwe, Mbayani, Chirimba kapena Chilobwe amene amayenda pansi popita ku ntchito, osenza katundu mumsika ndi olima m'madimba amakwanitsa kale muyeso umenewu. Amene ali pa chiopsezo ndi okhala pampando tsiku lonse: a m'maofesi, oyendetsa minibasi ndi malole, osoka zovala, ogulitsa m'mashopu ndi m'timabenchi ta ndalama za pafoni. Kuchuluka kwa njinga zamoto za kabaza kwachititsanso kuti mitunda imene kale anthu ankayenda pansi tsopano azikwera.

Kulimbitsa thupi sikulira ndalama. Munthu angatsike minibasi siteji imodzi asanafike, angakwere masitepe m'malo mwa chikepe, angayende mofulumira m'mbali mwa msewu wa Chipembere, ku Njamba kapena mozungulira bwalo la Kamuzu. Mzindawu wazunguliridwa ndi mapiri a Soche, Ndirande, Michiru ndi Mpingwe, ndipo magulu okwera mapiri kumapeto kwa sabata alipo. Mpira wa miyendo, wa manja, kuvina, kulima ndi kukolopa zonse zimawerengedwa. Wokhala pampando nthawi yaitali aziimirira ndi kuyendako pang'ono ola lililonse. Amene BP yake ndi yokwera kwambiri kapena ali ndi vuto la mtima ayambe waonana ndi dokotala asanayambe masewera olemetsa.

Fodya, utsi ndi mowa

Kusuta fodya kumachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kawiri. Utsi wa fodya umakanda makoma a mitsempha, umaundanitsa magazi mosavuta ndipo umachepetsa okosijeni wofika ku ubongo. Ndudu ya m'paketi ndi chingambwe chopichira pamanja zonse zimawononga, ndipo fodya wa m'mphuno kapena wa m'kamwa nayenso amakweza BP. Okhala nyumba imodzi ndi wosuta amapuma utsi womwewo. Munthu akasiya, chiopsezo chimayamba kutsika m'zaka zoyambirira zomwe, ndipo pakapita zaka zisanu kapena kuposerapo chimayandikira cha munthu wosasuta. Dziko la Malawi, ngakhale limadalira fodya pa ndalama zakunja, linavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023.

Utsi wa makala ndi nkhuni nawonso uli m'gulu la zinthu zoyambitsa sitiroko. Mabanja ambiri mu Blantyre amaphikira pa mbaula, ndipo amene amapuma utsiwo kwambiri ndi amayi ndi ana. Kuphikira panja kapena pamalo opita mphepo, kugwiritsa ntchito mbaula zosawononga makala, ndi kusamukira ku gasi kapena magetsi pamene zingatheke kumachepetsa vutoli.

Mowa wambiri umakweza BP, umasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo umachulukitsa sitiroko ya kuphulika kwa mtsempha. Choopsa kwambiri ndi kumwa mowa wochuluka nthawi imodzi, monga zimachitikira Lachisanu madzulo ndi pa malipiro a kumapeto kwa mwezi. Kachasu ndi mowa waukali wa m'timabotolo totsika mtengo ndi woopsa mwapadera chifukwa munthu amamwa mowa wambiri m'kanthawi kochepa. Palibe mlingo wa mowa umene umateteza thupi, choncho wosamwa asayambe, ndipo wodwala BP amachita bwino kusiyiratu.

Matenda ena, tulo ndi nkhawa

Matenda a shuga amawononga mitsempha ndipo amachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kawiri. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda kosadziwika chifukwa ndi zizindikiro zofunika kuyezetsa, ngakhale kuti ena samva chilichonse.

Kachilombo ka HIV kakakhala kosalandira mankhwala kamatupitsa mitsempha. Kafukufuku wa ku Gulupu uja anapeza kuti chiopsezo chinali chachikulu mwa amene sanali pa ma ARV, komanso m'miyezi 6 yoyamba mwa amene anayamba mankhwalawo chitetezo cha m'thupi chitatsika kale kwambiri. Phunziro lake n'lakuti munthu ayezetse msanga, ayambe mankhwala chitetezo chisanagwe, azimwa mosadumphitsa, ndipo aziyezetsanso BP pamene akukatenga ma ARV.

Mtima wogunda mosalongosoka umatha kupanga magazi oundana amene amakatseka mtsempha wa ku ubongo. Zilonda za pakhosi za ana zikapanda kuchizidwa bwino zimatha kuwononga zitseko za mtima, n'kudzabweretsa sitiroko munthu akadali wachinyamata. Ana a matenda a sickle cell nawonso ali pa chiopsezo. Mayi amene BP inakwera ali woyembekezera ayenera kupitiriza kuyezetsa atachira, ndipo mayi wa BP yokwera kapena wosuta fodya awauze a zakulera asanamusankhire njira, chifukwa mapiritsi ena olera samuyenera.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena 8. Kuliza mkonono kwambiri, kobanika kutulo ndi kuwodzera masana, kumagwirizana ndi BP yovuta kutsika, ndipo n'koyenera kukaonetsa kuchipatala. Nkhawa za ngongole, lendi, ntchito ndi za m'banja zimakweza BP ndipo zimakankhira anthu ku mowa ndi fodya. Kukamba mavuto ndi abale, abwenzi, a kumpingo kapena a kumzikiti ndi alangizi a kuchipatala kumapepuza mtima.

Mankhwala ali ndi malo ake

Kadyedwe kabwino kamatsitsa BP, koma kwa anthu ambiri sikakwanira pakokha. Dokotala akalemba mankhwala monga hydrochlorothiazide, amlodipine kapena enalapril, amayenera kumwedwa tsiku lililonse, nthawi zambiri kwa moyo wonse. Cholakwika chofala ndi kusiya mankhwala BP ikatsika. Imakhala yatsika chifukwa cha mankhwalawo, ndipo akasiyidwa imakweranso mwakachetechete. Adyo, mandimu ndi masamba a chamwamba ndi zakudya zabwino, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala, ndipo zitsamba za m'mabotolo zogulitsidwa m'misewu sizidziwika mlingo wake. Mankhwala akamabweretsa chizungulire, chifuwa chouma kapena kutupa mapazi, wodwala abwerere kuchipatala kuti akamusinthire ena. Asipirini asamwedwe tsiku ndi tsiku popanda uphungu wa dokotala, chifukwa amatha kuyambitsa kutaya magazi.

Zizindikiro ndi zoyenera kuchita

Ngakhale munthu wosamala akhoza kudwala sitiroko, choncho banja lililonse liyenera kudziwa zizindikiro zake. Zimabwera mwadzidzidzi: nkhope kugwa mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka kapena kuchita dzanzi, kulankhula mosamveka kapena kusamvetsa zimene ena akunena, kusaona bwino, kudzandira, ndi mutu waukulu umene munthuyo sanaumvepo. Woganiziridwa angapemphedwe kumwetulira, kukweza manja onse awiri ndi kubwereza chiganizo chachifupi. Akalephera chimodzi mwa zitatuzi, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha.

Chifukwa chakuti sitiroko imagwa mwadzidzidzi, mabanja ena amaganiza za kulodzedwa ndipo amayamba apita kwina, kapena amadikira kuti kuche. Nthawi yotayikayo ndi imene mbali zambiri za ubongo zimafa. Wodwala asapatsidwe chakudya, madzi kapena mapiritsi, chifukwa sitiroko imasokoneza kumeza ndipo angatsamwe. Agonekedwe cham'mbali, ndipo operekeza akumbukire nthawi imene zizindikiro zinayamba ndi kutenga buku lake la kuchipatala.

Ku Gulupu kuli makina ojambula m'mutu osiyanitsa sitiroko ya kutsekeka ndi ya kuphulika kwa mtsempha, ndipo kunatsegulidwanso chipinda chapadera cha odwala sitiroko, choyamba m'dziko muno. Wodwala akatuluka, mafizo amene amayamba msanga, monga amene amachitika ku Kachere Rehabilitation Centre, amathandiza ambiri kuyambanso kuyenda, kulankhula ndi kudzisamalira. Amene anadwalapo sitiroko ali pa chiopsezo chachikulu chodwalanso, motero malangizo onse a mchere, masamba, kuyenda, fodya, mowa ndi mankhwala amamukhudza iyeyo koposa wina aliyense, ndipo amafunika kuwatsatira kwa moyo wake wonse mothandizidwa ndi a pabanja pake.